Dzanzi ndi kufooka kwa miyendo: si nthawi zonse chitetezo chatsika

Uthenga uja umangobwererabwerera m'magulu a WhatsApp kuno ku Kasungu. Akuti dzanzi, kufooka kwa miyendo ngakhalenso matenda a ubongo zimadza chifukwa chitetezo cha m'thupi chatsika, ndiye gulani kabotolo kakutikakuti muchire.

Komatu pa matenda ena, asilikali a m'thupi omwewo ndi amene amalakwitsa. Mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi ili ngati waya wamagetsi wokutidwa ndi pulasitiki. Pa matenda a Guillain-Barré, omwe kawirikawiri amabwera patangopita masabata ochepa munthu atatsekula m'mimba kapena kudwala chifuwa, chitetezo chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga chokutira chija. Kufooka kumayambira kumapazi n'kumakwera, mwina mpaka kupuma kuvuta. Pa matenda ena otchedwa multiple sclerosis, chitetezo chimawononga mu ubongo ndi mumsana. Apa madokotala amachita kuchiziziritsa chitetezocho, osati kuchikolezera.

Musanakhulupirire, onani kumapeto kwa uthengawo. Mukapeza nambala ya wogulitsa, ndi malonda amenewo. Funsani ngati mankhwalawo analembetsedwa ku PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, kapena kaonetseni uthengawo kwa dokotala pachipatala cha boma.

Chonde lekani kuugawa. Wina miyendo ikayamba kufooka mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.