Musanamulande foni mwanayo, tamvani kaye

Pa ntchito yanga ya uphungu, makolo akabwera funso limakhala lomwelomwelo: foni ija ndingomulanda eti? Ine ndimati dikirani kaye, tione mmene anthu okopera ana mmagulu a chidani ndi uchigawenga amachitira.

Sayamba ndi za mabomba ayi. Amayamba nkucheza basi, mu gemu ya pa intaneti kapena pansi pa vidiyo ya pa TikTok, mwana wadandaula kuti anzake amamuseka kusukulu, wina nkutulukira "aise ndikukumvetsa", mawa lake wamutumizira tizithunzi toseketsa tonyoza mtundu wina kaya chipembedzo china, mwana akaseka ndiye kuti chitseko chatseguka, kenako amuitanira ku kagulupu kobisika pa Telegram kapena Discord komwe aliyense akuimba nyimbo imodzi. Kumeneko mpomwe amamuuza kuti mavuto ako onse abweretsa ndi "awo aja", ndipo makolo ako sangamvetse, usawauze. Mawu omalizawa ndi amene ine amandiopsa.

Si nthanotu izi. Mu February 2015 atsikana atatu apasukulu ku London, azaka 15 ndi 16, adanyamuka mwakachetechete kudzera ku Turkey kupita ku Syria kukalowa gulu la zigawenga la ISIS, kwawo osadziwa kanthu. Mnyamata wazaka 18 amene adapha anthu akuda 10 ku Buffalo ku America mu May 2022 adalemba yekha kuti maganizo ake a chidani adawatola pa tsamba lochezerapo la pa intaneti lotchedwa 4chan nthawi ya Covid, atasowa chochita pakhomo.

Ndiye taganizani, mwalanda foni mokalipa, mwamutcha chitsiru pamaso pa azibale ake. Mwangotsimikizira zomwe adamuuza zija, ndipo mawa abwereka foni ya mnzake, inu osadziwanso chomwe chikuchitika.

Mwana akalankhula zodabwitsa, umirizani mtima kukhala pansi. Mfunseni, "zimenezi wazimva kuti mwana wanga? Amene akunenayo ukuona ngati akupindulapo chani?" Mumvetsere mpaka amalize ngakhale zikukunyansani, pamapeto pake nenani poyera kuti simukugwirizana nazo komanso chifukwa chake. Kumvetsera sikuvomereza ayi. Ndipo ana ambiri amamasuka muli pa ntchito limodzi kapena mukuyenda, osati mwamukhazika pampando ngati pabwalo la milandu. Ku Germany bungwe la Hayat lidayamba mu 2011 pothandiza mabanja pa chinthu chomwechi, kuti kulankhulana ndi mwana kusaduke.

Kubisa sikirini kokha musadabwe nako, achinyamata onse amatero. Ine chimene ndimayang'ana ndi ichi: wataya anzake akale mwadzidzidzi, nkhani zake zonse zasanduka "ife ndi iwo", akusangalala anthu ena akavulazidwa. Koma akayamba kufufuza za zida, kutchula munthu kapena malo oti akawaonetsa, kaya kufunsa za pasipoti mobisa, apo kucheza kokha sikukwana, pezani phungu kapena apolisi tsiku lomwelo, ndipo mameseji aja musafufute.