Sitolo yaikulu ya zida za hockey ndi phazi la mwana wanu

Chaka chilichonse August akamatha, wina amaima pakauntala pa sitolo yanga yaing'ono ya zida za hockey ya pa ayezi kuno ku Winnipeg, ku Canada, n'kuyamba kundimvera chisoni: "Ndiye mupulumuka bwanji, bambo, ndi masitolo akuluakuluwa? Paja iwo amatchipitsa." Funso limeneli landitopetsa, chifukwa poyambira pake m'polakwika kale.

Kupikisana nafe angathe, ndipo akupikisana. Kampani ya masitolo akuluakulu ya Canadian Tire inagula Forzani, eni ake a Sport Chek, mu 2011, kenako Pro Hockey Life mu 2013. Anthu amenewa ali ndi ndalama zodzaza khoma lonse ndi ndodo za hockey, zakumanzere ndi zakumanja, zofewa ndi zolimba, pamene ine ndimaika zowerengeka. Koma zoti amatchipitsa chilichonse n'zongomva. Nsapato ya pa ayezi ya kampani ya Bauer kapena CCM yongotuluka kumene imatsatsidwa pamtengo pafupifupi umodzi kulikonse, chifukwa opanga amaika malire a mtengo wotsatsira. Masitolo ang'onoang'ono ambiri nawonso amaoda katundu pamodzi kudzera ku Source for Sports. Pamene akulu amatipondereza ndi pa zotsala za chaka chatha, zimene amagwetsa mtengo kuti zichoke m'shelefu. Ndipo kukula sikuteteza munthu: ku America, Total Hockey inagwa ndi ngongole mu 2016, masitolo ake n'kutengedwa ndi Pure Hockey.

Nkhani ili pa phazi. Pali kamnyamata kena, ka zaka zisanu ndi zitatu, kamene sindikaiwala mpaka lero. Mayi ake anakagulira nsapato kusitolo ina yaikulu, ndipo wogulitsa, mwana wasukulu wa ganyu ya Loweruka, anavomera zoti atenge zazikulu kuti "akuliremo". Nsapato ya pa ayezi imayenera kuchepa ndi saizi imodzi kapena imodzi ndi theka poyerekeza ndi nsapato wamba. Iwo anawonjezera ziwiri. Anabwera kwa ine mu January. Nditamuvula masokosi, awiri ophatikiza, ndinapeza matuza pachidendene, ena ophulika ena atsopano. Akakolo amagwera mkati ngati miyendo ya mwana wang'ombe wobadwa kumene. Miyezi inayi mphunzitsi wake ankati ndi waulesi, ndipo iye anali atakhulupirira. Ndinamupezera zakale zomukwana, koma chaka chotsatira sanabwererenso ku timu. Chimandiwawa n'choti kumuyeza kukanatenga mphindi khumi zokha.

Sindikunena kuti m'masitolo aakulu mulibe odziwa ntchito. Alimo, ena ndinaphunzira nawo. Vuto ndi loti simudziwa amene mumupeze tsiku limenelo, pamene pano mukapeza ine ndemwe, ndipo ndikalakwitsa mudzandikumbutsa kubwalo Lamlungu.

Koma amene amandidetsa nkhawa kwambiri si masitolo ayi. Ndi akatswiri a m'galaja. Munthu wagula kamakina konolera, waonera mavidiyo awiri pa YouTube, basi wayamba kutolera nsapato za timu yonse. Chitsulo chapansi pa nsapato chija si mpeni wakukhitchini. Chili ndi kangalande pakati, ndipo mbali ziwirizo ziyenera kufanana msinkhu. Zikasiyana pang'ono chabe, mwana amakhota bwino mbali imodzi, mbali ina n'kumagwa. Wonola akapanda kukufunsani muyezo wa kangalande umene mukufuna, 1/2 kapena 5/8 ya inchi, kapenanso kulemera kwa mwanayo, nyamulani nsapato zanu muzipita. Chimodzimodzi amene akukuuzani kuti muwotche nsapato mu uvuni wophikira kuti iumbike ndi phazi. Uvuni wathu ndi wapadera. Wanu umasungunula guluu, ndipo nsapato ya madola mazanamazana imathera pompo.

Za chipewa choteteza mutu ndiye musandiyambe. Zotetezera mawondo ndi mapewa gulani zakale, palibe vuto, kumasitolo a zakale a Play It Again Sports zilipo. Chipewa chogula kwa munthu wosamudziwa pa intaneti, chopanda chizindikiro cha CSA, bungwe loona za miyezo ya chitetezo ku Canada, kapena chokhala ndi kamng'alu pafupi ndi sikuluwu, chimenecho ayi, ngakhale akupatseni chaulere.

Ndipo mwana akadandaula phazi kawiri, musadikire Khirisimasi. Mubwere naye sabata yomweyo, nsapatozo ndi masokosi amene amavala kubwalo zili m'manja.