Chilonda cha pa diso chikakana kupola

Mbali yakuda ya diso imaphimbidwa ndi kachikopa koonekera mkati, kamene achipatala amati cornea. Kakakandika ndi tsamba la chimanga kapena mankhusu popuntha nyemba, nthawi zambiri kamapola pa masiku awiri kapena atatu. Koma zilonda zina zimatha sabata ziwiri osatseka, mankhwala akuthiridwa ndithu. Chilonda chotere chimatha kusiya chipsera choyera, ngakhale kuboola diso.

Vutoli limakonda anthu amene anatuluka mashingozi pamphumi mpaka pa diso, odwala shuga, amene anapsa ndi laimu kapena asidi wa batire, komanso amene chikope chawo sichitseka bwino chifukwa cha khate kapena kufa kwa mbali imodzi ya nkhope. Pano mvetsetsani: mashingozi ndi shuga zimafooketsa mitsempha ya m'diso, kotero chilonda chimatha kumakula munthu osamva ululu, n'kumati ndachira.

Mankhwala odontheza ndi opaka akalephera, njira ina ndi galasi lovala m'diso lotchedwa scleral lens. Ndi lolimba, lolowetsa mpweya, ndipo ambiri amakula mamilimita 15 mpaka 20, pamene cornea ndi ya mamilimita pafupifupi 12. Ndiye galasilo silikhudza chilonda. Limakhazikika pa mbali yoyera ya diso ngati kambale kovundikira, pansi pake pali madzi amchere a kuchipatala opanda mankhwala osungitsa. Chilonda chimakhala m'madzimo tsiku lonse, chikope sichichikhula pophethira, ndipo fumbi ndi mphepo yozizira ya ku Dedza kuno sizichifikira. Khungu latsopano limapeza mpata womera.

Povala, munthu amadzaza galasilo madzi mpaka m'milomo, n'kuweramitsa nkhope kuyang'ana pansi, n'kulilowetsa zikope atazikanula ndi zala. Kathovu ka mpweya kakatsala mkati, amalichotsa n'kuyambiranso, poti pamene pali kathovupo pamauma. Pochotsa pali kachipangizo ka labala kokokera. Nthawi zina dokotala amalamula kugona nalo ndi kudontheza mankhwala opha tizilombo m'madzimo, koma zimenezo ndi za wodwala amene akuonedwa pafupipafupi. Musaziyambe nokha.

Kunena zoona, pamene pavuta kwathu kuno ndi pa ukhondo. Madzi a pa mjigo, a pachitsime, ngakhale a pa mpopi asakhudze galasili, chifukwa mumakhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba kamene kamawononga cornea ndipo n'kovuta kuchiza. Madzi owiritsa othira mchere wa kukhitchini nawonso ayi. Sambani m'manja ndi sopo, muumitse, kenako mugwire galasi. Amene mukupopera mankhwala m'munda wa kachewere ku Tsangano kapena ku Bembeke, musayandikize zala kumaso musanasambe.

Diso likafiira kwambiri, likayamba manthongo, kuwawa, kuopa kuwala, kapena kuona kukachepa, chotsani galasilo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Galasili siligulidwa pamsika. Amayeza diso la munthu aliyense payekha, ndipo salivalika pa chilonda chimene chili ndi tizilombo. Ngati galasi silikupezeka kapena silikukuyenerani, dokotala angathe kusoka mbali ya zikope kwa kanthawi kuti chilonda chitetezeke. Musaope, ulusi amadzachotsa.

Poyambira ndi kwa a zamaso pa chipatala chachikulu cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu. Adzadontheza utoto wachikasu m'diso ndi kuunika ndi nyale ya buluu, chilonda n'kuoneka chobiriwira. Pofunika akatswiri amatumiza ku Nkhoma, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Podikira, musafinyire zitsamba kapena mkaka wa m'mawere m'diso, ndipo musagule mankhwala odontheza mwachisawawa, chifukwa ena ali ndi mankhwala otchedwa steroid amene amachedwetsa chilonda kupola. Popita tengani buku lanu la kuchipatala ndi timabotolo tonse timene mwakhala mukudontheza.