Chindapusa chosalipidwa si chikalata chomangira munthu

M'magulu a WhatsApp a Amalawi okhala ku South Africa mumazungulira mphekesera yakuti aliyense amene ali ndi chindapusa cha pamsewu chosalipidwa amamangidwa akangoimitsidwa pa rodibuloko, pokhapokha atalipira pomwepo. Zimenezi si zoona.

Chikalata chomangira munthu chimachokera kukhoti. Pa milandu ya pamsewu chimatuluka kawirikawiri pamene munthu anapatsidwa tsiku lokaonekera pamaso pa majisitireti, monga lija limalembedwa pa tikiti ya gawo 56 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu (Criminal Procedure Act ya 1977) imene wapolisi amapereka pamanja, koma mwiniwakeyo sanalipire ndiponso kukhotiko sanapondeko. Tikiti ya kamera yobwera pa positi ilibe tsiku la khoti, choncho pamafunika kaye kuti munthuyo alandire samani. Ku Johannesburg ndi Tshwane (dera la Pretoria), kumene amatsata lamulo lapadera la milandu ya pamsewu lotchedwa AARTO, amene wanyalanyaza chindapusa wamba mpaka kumapeto amakanizidwa kukonzetsanso layisensi yake ndi ya galimoto, zomwe n'zowawa ndithu kwa woyendetsa takisi, koma si kulowa m'chitokosi.

Wapolisi akakumangani ponena kuti chikalatacho chilipo, muli ndi ufulu wopempha kope lake. Njira yodalirika yodziwiratu ndi kukafunsa kwa kalaliki wa khoti lotchulidwa pa tikitiyo, mutatenga chiphaso chanu ndi nambala ya tikiti. Uthenga wa pafoni woopseza kuti mumangidwa mawa mukapanda kutumiza ndalama ku akaunti ya munthu wosamudziwa umachokera kwa akuba.