Masiku atatu ku Cape Maclear: zimene zimasokoneza tchuthi cha kunyanja

Tchuthi chachifupi sichikhululuka. Mukanyamuka Lachisanu n'kubwerera Lamlungu, kachinthu kamodzi kakalakwika ndiye kuti theka la ulendo lapita. Ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, zimene zimavutitsa alendo n'zodziwika kale, ndipo zambiri zimayambira pa msewu.

Ochokera ku Lilongwe ambiri amadzera ku Dedza n'kutsika phiri la Golomoti, pa msewu umene anthu amautcha Khwekhwerere. Pamenepa dalaivala woponda mabuleki osalekeza amawatenthetsa mpaka amaleka kugwira. Tsikani ndi giya yachiwiri kuti injini igwire galimoto, mabuleki muziwaponda mwa apo ndi apo. Mukamva fungo lopserera, imani pamalo oonekera bwino kwa mphindi 20, ndipo musathirepo madzi. Ochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Njira zonsezi ziwerengereni maola anayi kapena asanu, ndipo nyamukani m'mawa, chifukwa usiku m'mphepete mwa msewu mumadzaza njinga zopanda nyali, mbuzi ndi ng'ombe. Musanafike ku Monkey Bay mumakhotera kumanzere, n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 m'mapiri. Mafuta thirani odzaza m'tauni yaikulu, tayala lapadera muliyeze mpweya musananyamuke, ndipo tengani ndalama m'manja: maejenti a Airtel Money ndi Mpamba nthawi zina ndalama zimawathera.

Nyanja nayo ili ndi nyengo zake. Kuyambira mu May mpaka August kumaomba mwera, ndipo madzi amene anali bata pa kadzutsa amatha kukhala ndi mafunde aakulu masana. Choncho ulendo wa pa boti wopita ku chilumba cha Thumbi, Domwe kapena Mumbo ukhale wa m'mawa. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo mufunse ngati ukuphatikiza mafuta, magalasi oonera pansi pa madzi ndi ndalama yolowera mu paki. Mkangano wambiri wa pagombe umayambira pamenepa. Werengani majekete oyandamitsa, aliyense akhale ndi yake, ana avale zowakwana. Mwini boti akati lero nyanja yakwiya, mumvereni ngakhale mwalipira kale.

Dera limeneli lili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Kuziwedza mu paki n'koletsedwa. Pachipata Amalawi amalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja, ndiye chiphaso chaunzika musachisiye kunyumba.

Anthu amaopa ng'ona ndi mvuu, koma zimene zimawaliza kawirikawiri ndi anyani ndi apusi. Anazolowera anthu, amadziwa jumbo ya buledi, ndipo zenera lotsegula amalowa. Musawapatse chakudya, chifukwa wopatsidwa lero mawa amalanda. Nyani akagwira chikwama musalimbane naye, mano ake ndi aatali. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe ndi kafumbata. Za ng'ona lamulo ndi lalifupi: musasambe m'bango, pamathiriro a mitsinje, kapena dzuwa litalowa, ndipo funsani asodzi kuti masiku ano aona chiyani. Mvuu imatuluka usiku kukadya udzu. Mukakumana nayo musaime pakati pa iyo ndi madzi.

Vuto lenileni silioneka ndi maso. Likodzo lilipo ku Chembe, makamaka m'madzi osaya kufupi ndi mudzi, kumene anthu amasamba ndi kuchapa. Tizilombo take timachokera mu nkhono zam'madzi n'kulowa pakhungu, osati mkamwa mokha monga ena amaganizira, ndiye ngakhale woyenda m'madzi ofika m'mawondo akhoza kutenga. Kudzipukuta ndi thawulo sikokwanira. Cholakwika chofala n'kugula praziquantel, mankhwala a likodzo, n'kumwa tsiku lobwerera kunyumba. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, pomwe zongolowa kumene sizifa. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kenako kaonaneni ndi dokotala. Mlingo umatengera kulemera kwa thupi, nthawi zambiri mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, choncho mwana sangamwe zofanana ndi bambo ake, ndipo amamwa munthu atadya. Mukaona magazi m'mkodzo musadikire masabatawo.

Malungo nawo ndi akalekale kuno. Amishoni a Livingstonia anayamba ntchito pa Cape Maclear mu 1875, koma mu 1881 anasamukira ku Bandawe anzawo angapo atamwalira ndi malungo, ndipo manda awo alipo mpaka lero. Mukangolandira kiyi wa chipinda, tambasulani neti muone ngati ili ndi zibowo kukadali kowala. Kutentha thupi kumayamba patapita sabata imodzi kapena awiri, mutabwerera kale kuntchito, ndiye kayezetseni magazi musanaganize kuti ndi chimfine.

Musanalipire malo ogona potengera zithunzi za pa Facebook, pemphani chithunzi cha sabata yomweyo. Mu 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza mchenga ndi zipinda zina m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ndipo gombe la pachithunzi chakale likhoza kukhala pansi pa madzi. Funsaninso ngati ali ndi sola kapena jenereta, chifukwa mu October chipinda chopanda fani magetsi atazima simugonamo. Ndipo ngati mukufuna chambo kapena kampango madzulo, itanitsani masana, makhitchini ambiri amayamba kufunafuna nsomba mlendo akaitanitsa.