Mmene Wonder Woman anakhalira sekilitale wa anzake

Anthu ambiri amaganiza kuti nkhani ya azimayi m'makomiki a ku America inkangopita patsogolo, kuti poyamba anali ongokuwa kuti ndipulumutseni kenako pang'onopang'ono nkumapatsidwa mphamvu. Sizinayende choncho ayi. Panali nthawi imene zinatseguka ndithu, kenako nkudzatsekedwanso, ndipo zomwe zinkatsegula ndi kutseka ndi nkhondo, msika komanso mantha a makolo.

Superman anatulukira mu Action Comics nambala 1 chaka cha 1938, omupanga ake anali anyamata awiri a ku Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, omwe anamugulitsa pa madola 130 basi (imeneyo nde nkhani ina yowawa). M'kabuku koyambako Lois Lane alimo kale, mtolankhani mnzake wa Clark Kent, yemwe ndi Superman yemweyo akakhala m'zovala wamba. Apita kokavina, chigawenga china chikufuna kuvina naye mokakamiza, Clark akunamizira mantha, Lois nkuchiwomba mbama chigawengacho nkunyamuka, nkumuuza Clark pamaso kuti ndi wamantha. Zigawenga zija zimutsatira nkumugwira, Superman nkufika. Chithunzi chotchuka chija cha Superman atanyamula galimoto akuiphwanya pamwala, galimotoyo ndi ya anthu omwe anaba Lois.

Nde apa mpamene panakhazikika kalembedwe komwe ena onse anadzakopera. Mwamuna ali ndi nkhope ziwiri, ina yofooka ina yamphamvu, mkazi akukana yofookayo nkumafera yamphamvuyo osadziwa kuti ndi munthu mmodzi, owerenga akudziwa chinsinsi koma iye ayi. Kuti nthabwalayi isathe Lois amayenera kukhala osadziwa mpaka kalekale, mtolankhani wanzeru chonchija koma kumapusitsidwa ndi magalasi basi. Kulimba mtima kwake anakusandutsa chida, ndi kumene kunkamulowetsa m'mavuto kuti Superman apeze womupulumutsa mwezi ndi mwezi.

Sikuti onse anali otero. Sheena, yemwe anafika ku America mu Jumbo Comics mu 1938 kuchokera ku situdiyo ya Will Eisner ndi Jerry Iger, ndi amene ankapulumutsa chibwenzi chake Bob. Koma tisamuwombere m'manja msanga, ameneyu ndi mzungu wovala chikopa cha kambuku eti ndi mfumukazi ya nkhalango za mu Africa, anthu akuda m'menemo ntchito yawo inali kumugwadira kapena kumenyedwa naye. Mu 1941 kunabwera Miss Fury m'manyuzipepala, wojambula wake anali mzimayi, June Tarpé Mills, koma ankasaina Tarpé Mills, dzina la June analisiya kuti owerenga asadziwe kuti ndi mkazi.

Wonder Woman anatuluka kumapeto kwa 1941 mu All Star Comics nambala 8, nthawi yomweyo America ikulowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mwini wake William Moulton Marston sanali mnyamata wojambula ngati enawo, anali katswiri wa za maganizo wophunzira ku Harvard, amene anagwirapo ntchito yoyeza kuthamanga kwa magazi pofuna kudziwa ngati munthu akunama. Bamboyu ankakhulupirira poyera kuti azimayi ndi amene ayenera kulamula, ndipo kunyumba ankakhala ndi mkazi wake Elizabeth pamodzi ndi Olive Byrne, onse anamuberekera ana. Nde anangotenga kalembedwe kaja nkukatembenuza chadodolido, msilikali Steve Trevor wagwa ndi ndege pachilumba cha akazi okhaokha, womunyamula ndi Diana, yemwe ndi Wonder Woman, ndipo kuyambira pamenepo womangidwa nkumadikira chipulumutso kawirikawiri ndi Steve.

Koma zingwe ndi maunyolo zinachuluka m'menemo, eeh, pafupifupi nkhani iliyonse wina wamangidwa. Lamulo lake linali loti mwamuna akalumikiza zibangili za Wonder Woman ndi unyolo mphamvu zimatha. Marston ankati zonsezi ndi phunziro, ena ku kampani yosindikiza makomikiwo ankaona kuti bamboyu akungokondweretsa mtima wake. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zinalipo.

Tsono chondiseketsa ndi ichi. Mu 1942 anamulowetsa mu Justice Society of America, gulu la ma superhero, ndipo udindo umene anamupatsa unali usekilitale. Mzimayi woti amabweza zipolopolo ndi zibangili, anzake akunyamuka kukamenyana ndi adani iye nkumatsala ku likulu, ngati mayi uja wa mu komiti amene amathamanga ndi zonse koma pamsonkhano amangomupatsa kope kuti azilemba maminitsi. Ndipo nthawi imeneyo makomiki ake ankagulidwa kuposa a amuna ambiri a m'gulumo. Kuseri nako zinali chimodzimodzi, Marston atadwala nkhani zambiri ankalemba ndi mtsikana wina Joye Hummel koma dzina lotuluka linali la Charles Moulton, dzina lolembera la Marston.

Nkhondo itatha mu 1945 asilikali anabwerera, azimayi omwe ankagwira m'mafakitale anauzidwa kuti abwerere kunyumba, ma superhero nawo anasiya kuyenda malonda. Marston anamwalira mu 1947, chaka chomwecho Joe Simon ndi Jack Kirby anayambitsa Young Romance, makomiki achikondi nkuyamba kugulidwa koopsa. Pofika 1949 pachikuto cha Sensation Comics mukuona Steve atanyamula Wonder Woman kumuwolotsa kamtsinje, iye akumwetulira. Masamba omwe ankakamba mbiri ya azimayi otchuka anadzalowedwa m'malo ndi masamba a miyambo ya ukwati.

Kenako 1954, dokotala wa za maganizo Fredric Wertham anatulutsa buku loti makomiki akuononga ana, ankati Batman ndi mnyamata womuthandiza Robin akuoneka ngati amuna okondana okhaokha ndipo Wonder Woman ndi chitsanzo choipa kwa atsikana. Nkhani inafika mpaka ku Senate, nyumba ya malamulo ya ku America, makampani chifukwa choopa boma anadzipangira okha malamulo, Comics Code, ena mwa iwo oti nkhani zachikondi zizilemekeza banja ndi ukwati. Mu 1956 nde kunabwera Batwoman kuti Batman akhale ndi mkazi womufuna, zida zake ankanyamulira m'kachikwama ka m'manja ndipo zinali zokhala ngati paudala ndi kagalasi kodziyang'anira. Lois anapatsidwa buku lakelake mu 1958 koma mutu wake unkamutchula kuti chibwenzi cha Superman, nkhani zake zambiri kumangokhala njira zomukolera Superman kuti amukwatire komanso kulimbana ndi Lana Lang, mkazi wina amene ankafunanso Superman.

Wonder Woman mu 1968 anamuchotseratu mphamvu, nkumutsegulira shopu ya zovala nkumaphunzira karati. Zinatengera Gloria Steinem, womenyera ufulu wa azimayi, ndi anzake, omwe anakula akuwerenga wa nthawi ya nkhondo uja, kudandaula ndi kumuika pachikuto cha magazini yawo ya Ms. mu 1972, kampani nkumubwezera mphamvu zake mu 1973.