Mwana Wobwera Kumene Kuchokera ku Malawi Akatentha Thupi, Musanene Kuti Ndi Nyengo

Uthengawu ukupita kwa inu makolo amene mukukhala kuno ku Britain ndipo khothi la ku Malawi lakulolani kutenga mwana kuti akhale wanu mwalamulo, kaya ndi mwana wa mchemwali wanu amene anatisiya, kaya ndi mwana amene ankaleredwa kumalo osungirako ana amasiye. Za mapepala, za viza ndi za anthu amene anabwera kudzaona nyumba yanu musanapatsidwe chilolezo sindizikamba pano, chifukwa mukuzidziwa kuposa ine. Ndalemba chifukwa cha mawu amene akuyenda m'magulu athu a WhatsApp ndiponso pa macheza a pambuyo pa mapemphero, onena kuti mwana aliyense wochokera kumudzi amayamba watentha thupi kuti azolowere mphepo ya kuno, ndipo kuti chofunika ndi kungomufunditsa ndi kumumwetsa Calpol, mankhwala otsitsa kutentha thupi, mpaka zitadutsa zokha. Mawu amenewa ndi abodza, ndipo angathe kupha mwana. Kuzizira kwa ku Manchester kapena ku Glasgow sikutenthetsa mwana thupi. Mwana amene wachoka ku Malawi posachedwapa akatentha thupi, ife a zaumoyo timati ali ndi malungo kufikira magazi ake atayezedwa n'kusonyeza kuti alibe.

Chimene chimayambitsa malungo mukuchidziwa kale. Ndi tizilombo timene timalowa m'magazi munthu akalumidwa ndi udzudzu, ndipo mtundu umene uli wochuluka kwathu ndi uja woopsa kwambiri, wotchedwa Plasmodium falciparum. Chimene ambiri amaiwala ndi chakuti tizilombo timeneti timayamba tabisala m'chiwindi, ndipo zizindikiro zimaoneka patapita sabata imodzi, masabata awiri kapena kuposerapo. Choncho mwana akhoza kulumidwa usiku womaliza umene munagona ku Lilongwe podikira ndege, n'kufika kuno akuseka ndi kudya bwino, matenda n'kudzaonekera mutamaliza kale kumasula katundu. Ambiri amadwala m'mwezi woyamba kapena m'miyezi itatu yoyambirira, koma alipo ena amene amadwala ngakhale patatha miyezi yambiri, n'chifukwa chake timati kwa chaka chathunthu muzikumbutsa dokotala aliyense kumene mwanayo anachokera. M'chaka cha 2023 anthu oposa 2,000 anapezeka ndi malungo kuno atabwera nawo kuchokera kunja, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu amene anapita kukaona abale kwawo.

Mfundo imeneyi ikukhudzanso inu amene mukupita kukatenga mwanayo. Kubadwira ku Nkhotakota kapena ku Chikwawa sikukutetezani, pakuti mphamvu yolimbana ndi malungo imene munali nayo muli kumudzi imatha mukakhala kunja kwa nthawi. Kaonaneni ndi GP wanu, dokotala wa banja lanu, kapena a ku famase kudakali masabata angapo ulendo usanafike, mulandire mankhwala oteteza, ndipo mukawamwe mpaka tsiku limene anakuuzani ngakhale mutabwerera kale. Mukakhala kumeneko, inu ndi mwana muzigona m'masikito usiku uliwonse. Mwana amene wangotaya kumene anthu onse amene ankawadziwa sayenera kutayanso inu kwa sabata yathunthu chifukwa mwagonekedwa m'chipatala.

Musananyamuke ku Malawi, pemphani buku la kuchipatala la mwanayo, lija amapita nalo ku sikelo, ndipo mujambule tsamba lililonse pa foni yanu kuopa kuti lingasowe m'njira. Funsani amene ankamulera kuti anadwalapo malungo kangati, anamwa LA liti komaliza, anagonekedwapo m'chipatala kapena ayi, anapatsidwapo magazi kapena chiponde, ndiponso ngati m'nyumba imene ankakhala munali munthu wotsokomola nthawi yaitali. Funsaninso modekha zimene zikudziwika za thanzi la mayi wake womubereka. Mafunso amenewa ndi olemera kuwafunsa, makamaka pakati pa abale pamene maliro sanaiwalike, koma mukakwera ndege osafunsa zimakhala zovuta kudzapeza mayankho pa foni.

Mukafika, kamulembetseni mwanayo kwa GP m'masiku oyambirira enieni, osadikira kuti adwale. Kulembetsa ndi kwaulere. Mudzapatsidwa buku lofiira la ana a kuno, ndipo namwino woyendera mabanja adzayamba kukuonani. Pemphani kuti mwana ayezedwe mokwanira ngakhale akuoneka wonenepa ndi wosangalala. Kawirikawiri amayeza kuchuluka kwa magazi, HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, chindoko chobadwa nacho, chifuwa chachikulu ndi njoka za m'mimba, ndipo ngati mwanayo ankasambitsidwa kunyanja kapena kumtsinje muwauze kuti aganizirenso za likodzo. Pa HIV dziwani kuti mwana wosafika miyezi 18 akhoza kukhala akadali ndi asilikali a m'thupi ochokera kwa mayi wake, choncho kuyeza kwa msanga kuja kumene kumagwiritsidwa ntchito pa akuluakulu sikupereka yankho lenileni, ndipo pamafunika kuyeza kwina kofufuza kachilombo kenikeniko. Mwana wosakwana chaka ali ndi mwayi wotengedwa magazi a pachidendene amene ana obadwira kuno amatengedwa, ndipo mwa zina amaonamo matenda a sickle cell. Inunso a m'nyumba funsani za katemera wa matenda a chiwindi a mtundu wa B mwana asanafike, chifukwa malangizo a kuno amalimbikitsa katemerayu kwa mabanja otenga ana kuchokera kumayiko kumene matendawa ndi ofala.

Pa katemera, buku la ku sikelo likhoza kukhala lodzaza bwino lomwe koma mwana n'kukhalabe ndi zotsala, chifukwa ndondomeko za mayiko awiriwa zimasiyana. Kwathu katemera woyamba wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9, pamene kuno amayambira pa chaka chimodzi, ndipo amene mwana analandira asanakwanitse chaka samuwerengera. Katemera wa kuno amatetezanso ku matsagwidi, ndipo palinso wina wotchedwa MenB woteteza ku mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, amene saperekedwa ku sikelo ya kwathu. Musaganize kuti chikuku chinatsala kumudzi. Kuyambira kumapeto kwa 2023 chinabuka ku Birmingham ndi ku London, ndipo mu 2024 anthu pafupifupi 3,000 anatsimikizika kuti anadwala chikuku ku England kokha, ambiri mwa iwo ana. Ngati buku linasowa kapena masiku ake sakuoneka bwino, namwino adzayambiranso katemera, ndipo palibe choopsa pa kubwereza.

Ena andiuzapo kuti mwana wawo analandira katemera wa malungo, choncho nkhani yonseyi sikuwakhudza. Ndi zoona kuti dziko la Malawi linali loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemerayu kwa ana mu April 2019, ndipo ndi chinthu chonyaditsa. Koma katemera ameneyu amachepetsa chiopsezo chabe, sachotseratu matenda, ndipo mwana amene analandira akhozabe kudwala malungo aakulu. Thupi likatentha, lamulo ndi lomwelija.

Tsopano ndibwerere ku nkhani imene ikundidetsa nkhawa. Zifukwa zimene makolo amapereka pochedwa ndazimva zambiri, ndipo zonse zimamveka zanzeru pa nthawi imene zikunenedwa. Wina amati ndi nyengo, wina amati akumera mano, wina amati watopa ndi ulendo wa pandege, winanso amati akungosowa agogo ake amene ankamulera. Kusowa anthu ake kulipo ndithu, ndipo mudzakuona: mwana akhoza kukana chakudya, kulira usiku, kukana kunyamulidwa ndi inu kapena kukukakamirani osafuna kutsika kumsana. Koma chisoni sichikweza kutentha kwa thupi kufika pa 38, ndipo mano nawonso satero. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi mwana asanafike, muphunzire kukaika kukhwapa, ndipo musadalire kukhudza pachipumi ndi dzanja, makamaka m'nyumba yoyatsa hita. Kakasonyeza 38 kapena kuposerapo, mwanayo aonedwe ndi a chipatala tsiku lomwelo, kaya ndi Loweruka, kaya ndi pakati pa usiku, kaya mawa lake muli ndi shifiti ya m'mamawa. Imbani 111, nambala yofunsira thandizo la zaumoyo, ndipo ngati simukupeza thandizo msanga pitani naye kuchipatala, kumbali ya matenda adzidzidzi yotchedwa A&E. Kwa mwana wamng'ono, malungo a mtundu uwu akhoza kufika poopsa m'maola 24 okha.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna ngakhale kuyeza kutentha kapena kufunsa munthu. Mwana akakomoka kapena kugwedezeka thupi, akamagona kwambiri osadzutsika bwino, akamalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akamapuma mobanika nthiti zikulowa m'kati, zikhatho ndi m'kati mwa zikope zikayera, maso akasanduka achikasu, liwombo likatupa kapena khosi likauma, imbani 999 nthawi yomweyo. Pakhungu lakuda timadontho ta matenda oumitsa khosi sitioneka msanga, choncho yang'anani m'zikhatho, kumapazi ndi m'kamwa. Ngati mwana ali ndi totupa pathupi, chimfine ndi maso ofiira, ndipo mukukayikira chikuku, yambani mwaimba foni musanalowe naye m'chipinda chodikirira, kuopa kuti angapatsire makanda ena.

Mukafika kuchipatala, mawu anu oyamba akhale akuti mwanayu wachokera ku Malawi, tsiku lakuti, ndipo mukupempha kuti ayezedwe malungo. Izi ndikuzinena mobwereza chifukwa dokotala wa kuno akhoza kutha chaka osaonapo mwana wodwala malungo, ndipo m'nyengo yozizira ana otentha thupi amakhala odzaza pa benchi, pafupifupi onse ndi chimfine wamba. Mukapanda kunena, mwana wanu adzaoneka ngati mmodzi wa iwo. Musachite manyazi kubwereza kwa namwino wachiwiri ndi wachitatu. Dziwaninso kuti kuyeza kamodzi sikokwanira nthawi zonse, ndipo magazi akapanda kusonyeza kanthu koyamba amayenera kuyezedwanso kawiri m'masiku awiri otsatira ngati kutentha kukupitirira. Akakubwezani kunyumba mwana n'kumaipiraipira, bwererani, ngakhale patangopita maola ochepa.

Ndikudziwa kuti m'masutikesi ambiri obwera kuchokera kumudzi mumakhala LA wosungira tsiku la tsoka. Chonde musamupatse mwana mankhwala amenewo musanamuyezetse. Mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana, mwana amene akusanza sawasunga m'mimba, ndipo mapiritsi ochepa amene mwamupatsa akhoza kubisa tizilombo pa nthawi yoyeza koma osatitha. Komanso kutenthako kukhoza kukhala kwa matenda ena, monga chibayo, taifodi kapena matenda a m'njira ya mkodzo, amene LA sawachiza n'komwe. Calpol kapena Panado amatsitsa kutentha kuti mwana apezeko bwino, koma sachiza chimene chayambitsa, ndipo kuona mwana akuseweranso atamwa si umboni wakuti wachira. Asipulini ndiye musampatse konse mwana wosafika zaka 16.

Palinso mantha ena amene anthu sawatchula poyera, akuti mukapita ndi mwana wodwala kuchipatala atangofika, a Social Services, a boma oona za chisamaliro cha ana, adzaganiza kuti simukumusamala ndipo adzakulandani. Ndikumvetsa kumene mantha amenewa amachokera, makamaka kwa banja limene ladikira zaka ndi kuyankha mafunso osatha kuti mwanayu abwere. Koma kholo limene lathamangira kuchipatala tsiku loyamba la kutentha thupi lachita chimene aliyense woona za ana amayembekezera. Chimene chimadzutsa mafunso ndi mwana amene wafika ali wofooka atadwala masiku anayi kunyumba.

Zina zokonzekera m'nyumba ndizitchula mwachidule. Khanda lizigona chagada pa kabedi kake m'chipinda chanu, popanda pilo, ndipo chipindacho chikhale pakati pa 16 ndi 20 digiri. Chizolowezi chathu chofunditsa mwana mabulangete awiri ndi chipewa chaubweya n'choopsa m'nyumba yotenthetsedwa, ndipo mwana wotentha thupi ndiye safunika kumuunjikira zofunda. Funsani namwino za madontho a vitamini D, chifukwa dzuwa la kuno silikwanira pakhungu lathu ndipo mafupa a mwana amafooka. Uchi musampatse asanakwanitse chaka. Pitirizani phala limene analizolowera, zakudya zatsopano zizilowa pang'onopang'ono, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo mukasintha thewera, pakuti ana aang'ono amatha kupatsira akuluakulu matenda a chiwindi a mtundu wa A iwo eni osaoneka kudwala. Phwando lomulandira lidikire masabata angapo. A kumpingo ndi abale adzadandaula, koma mwana wopatsirana m'manja mwa anthu makumi atatu sadziwa kuti mayi wake ndi uti, ndipo inunso simungazindikire kuti lero wafooka kusiyana ndi dzulo.

Lembani papepala tsiku limene mwana anachoka ku Malawi, boma limene ankakhala ndi mankhwala onse amene anamwa m'mwezi womaliza, muliike m'buku lofiira pamodzi ndi buku la ku sikelo, ndipo mabuku awiriwa azikhala m'chikwama chimodzi pafupi ndi khomo. Muwauze azakhali, amalume, a ku nazale ndi aliyense amene adzatsala ndi mwanayo inu muli kuntchito kuti thupi likatentha asadikire kuti muweruke, akuimbireni ali kale m'njira yopita naye kuchipatala, chikwamacho chili m'manja.